Ulendo wa Maliro ndi Ulendo wa Amoyo

Chaka ndi chaka, kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Epulo, sitima zikuluzikulu za anthu opita kokasangalala zimanyamuka padoko la Durban kulowera kumagombe a Mozambique. Zina zimakaima pa Ilha dos Portugueses, kachilumba ka mchenga woyera pafupi ndi Inhaca, kufupi ndi Maputo. Zina zimapitirira mpaka ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Ulendo wake ndi wa masiku ochepa, ndipo munthu akagula tikiti msanga mtengo wake suposa mphamvu za banja logwira ntchito. N'chifukwa chake masiku ano m'sitimazi simusowa olankhula Chinyanja, ana a matchona a ku Tembisa, Daveyton ndi Katlehong, amene makolo awo ankadziwa ulendo wautali umodzi wokha: wa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete popita kumudzi.

M'modzi wa makolo otere ndi bambo wina wa ku Dedza wokhala ku Tembisa. Adabwera ku Joni ndi Teba ali mnyamata, adagwira ntchito mumgodi, kenaka adayendetsa lole ya fakitale ina ku Germiston mpaka kupuma. Pamene iye ndi mkazi wake ankakwanitsa zaka 40 ali m'banja, mwana wawo wamkazi, namwino pachipatala china ku Benoni, adawagulira matikiti a ulendo wa panyanja. Mu mtengo wa tikitiyo mudali kale kainshuwalansi kochepa. Namwinoyo, pozolowera kuwerenga timalemba tating'ono ta pamabotolo a mankhwala, adawerenga pepala lonse mpaka pansi, ndipo adapeza kuti ndalama za chipatala zili ndi malire, komanso kuti matenda amene munthu ali nawo kale sakuwerengedwa. Bambo ake ali ndi matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Adaganiza zogula inshuwalansi ina yokwanira, ndipo apa ndi pamene mkangano udayambira.

"Mwanawe," adatero bamboyo, "kulipirira tsoka lisanabwere n'kuliitana. Ndipo sitima ikamamira, pepala lakolo lidzandisambitsa?"

Adali ndi mboni zake. Adakula akumva za Vipya, sitima imene idamira panyanja ya Malawi pa 30 Julayi 1946 pafupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Adali kale ku Joni pamene Oceanos idamira pa 4 Ogasiti 1991 kugombe la Wild Coast, pafupi ndi Coffee Bay, ili paulendo wochokera ku East London kupita ku Durban. Woyendetsa wamkulu adachoka anthu ambiri akadali m'sitima, oimba nyimbo monga Moss Hills ndi amene adatsala n'kumaika anthu pamzere, ndipo mahelikopita a asilikali adakweza anthu oposa 200 m'modzim'modzi. Onse 571 adapulumuka. Bamboyo adafunsa ngati padali ndi m'modzi yemwe amene adafunsidwa pepala la inshuwalansi asanamangidwe chingwe m'chiuno.

Apa sadaname. Wopulumutsa munthu m'madzi safunsa risiti. Koma kumira kwa sitima yaikulu n'kosowa, ndipo si kumene kumasaukitsa mabanja. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chachete: nkhalamba yaterereka pamasitepe onyowa n'kuthyoka ntchafu, wina chifuwa chamuthina pakati pa usiku, wina watsekula m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi. M'sitima muli kachipatala, muli dokotala ndi anamwino, koma si chipatala cha boma. Kuonana ndi dokotala, jakisoni, diripi, bedi, zonse zimalembedwa pa akaunti ya chipinda cha wodwala, ndipo nthawi zambiri m'madola a America, pamene penshoni yake ili m'marandi. Khadi la kukiliniki ya ku Tembisa, limene limamupatsa mankhwala a mwezi ndi mwezi, panyanja lilibe mawu.

Matenda akaposa mphamvu za kachipatalako, wodwala amatsitsidwa. Sitima ikakhala kufupi ndi Maputo amapita kuchipatala cha kumeneko, ndipo zipatala zomwe si za boma zimafuna ndalama kapena kalata ya kampani ya inshuwalansi zisanamugoneke mlendo. Ikakhala ku Pomene, chipatala chachikulu chili kutali. Sitima nayo siyembekeza, imapitiriza ulendo. Otsala pamtunda ayenera kupeza pogona, chakudya, womasulira Chipwitikizi, ndipo pamapeto pake ndege yokhala ndi dokotala yobwezera wodwala ku OR Tambo. Ndege yotere ikhoza kumeza zonse zimene munthu adasunga moyo wake wonse. Ngakhale amene ali ndi medical aid ayenera kufunsa, chifukwa zambiri zimathera m'malire a South Africa, ndipo zimene zimaoloka zimafuna kuti uzidziwitse usananyamuke.

Pali chinanso chimene mtchona aliyense amachidziwa: lamya ya usiku yochokera kumudzi. Tikiti ya sitima imalipiridwa miyezi ingapo tsiku lisanafike, ndipo tsikulo likamayandikira, ndalama zimene kampani imabweza munthu akalephera ulendo zimachepa mpaka kutheratu. Maliro akagwa kumudzi kutatsala sabata imodzi, palibe munthu wolongosoka amene angakwere sitima kukavina. Inshuwalansi yabwino imabweza ndalamazo ngati wamwalira ndi mbale wapafupi. Koma "mbale wapafupi" ali ndi tanthauzo lake papepala, ndipo tanthauzolo adalilemba anthu amene sadziwa mbumba. Amatchula mkazi, mwamuna, mwana, kholo, mchimwene ndi mlongo. Mapepala ena samtchula n'komwe malume, mwini mbumba, amene kwa Mchewa maliro ake amaimitsa chilichonse. Namwinoyo adayenera kufunsa funso limeneli mwachindunji, popeza malume a mayi ake adali atakalamba kwambiri, ndipo adafuna yankho lolembedwa, osati la pakamwa.

Ngakhale njira yopita kudoko ili ndi zake. Kuchokera ku Ekurhuleni kufika ku Durban ndi makilomita oposa 500 pamsewu wa N3, ndipo pa Van Reenen, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith, nkhungu kapena lole imodzi yogubuduzika imatha kuimitsa magalimoto maola ambiri. Wofika mochedwa amaona utsi wa sitima uli kutali. Mapepala ena amathandiza munthu wotere, ena ayi, ndipo amene amathandiza amafuna umboni wa chimene chidatseka msewu.

Bamboyo adali ndi mnzake wa ku Ulongwe m'boma la Angónia, amene inshuwalansi amaitchula ndi dzina la kwawo loti seguro. Iyeyu adamukhalira kumbuyo. "Achimwene," adatero, "anthu amenewa polandira amamwetulira, polipira amatsegula buku." Nayenso sadaname kotheratu, pakuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo zimene inshuwalansi siilipira n'zambiri. Nyengo ya sitimazi ndi yomwenso ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Namondwe wa Idai adagwetsa Beira mu Malichi 2019, ndipo wa Freddy adakantha Mozambique ndi Malawi mu 2023. Ngakhale popanda namondwe, ku Ilha dos Portugueses anthu amatsikira m'timaboti, ndipo mafunde akakula woyendetsa sitima amalamula kuti pasatsike munthu. Amene adalota zoponda mchenga amabwerera osauponda, ndipo kawirikawiri palibe amene amawabwezera kanthu. Wovulala ataledzera nayenso kaŵirikaŵiri amakanizidwa.

Choopsa kwambiri kwa obadwira kunja ndi zikalata. Kukwera sitima yopita ku Mozambique n'kutuluka m'dziko la South Africa, ndipo padoko pali a zolowa ndi zotuluka monga pa Beitbridge. Kuyambira mu 2014, munthu amene wakhala kupitirira masiku a chilolezo chake akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika, ndipo amaletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Wobwezedwa chifukwa cha pasipoti yotha kapena chilolezo chosalongosoka, inshuwalansi siimudziwa. Makampani ena amagulitsa kwa okhawo okhala m'dzikomo movomerezeka, kotero munthu akhoza kulipira pepala limene silidzamugwirira ntchito. Bamboyo zake zidali bwino, koma mnzake wa ku Ulongwe adakhala chete nthawi yaitali atamva zimenezi.

Kenaka padabwera nzeru ya mkamwini, mnyamata wa ku Chipata wodziwa kusunga ndalama. Ataona kuti kutchula matenda ndi zaka za apongozi ake kukukweza mtengo, adati: "Apongozi, mafunso enawa tingoyankha kuti ayi. Adziwa bwanji?" Mkazi wake adamuyankha monga namwino. Tsiku lofuna ndalama, kampani imaitanitsa mbiri ya wodwala kwa madokotala, ndipo dokotala wa m'sitima amalemba mankhwala onse amene wapeza m'chikwama. Akapeza kuti shuga adabisidwa, akhoza kukana zonse, ngakhale zimene sizikukhudzana ndi shuga, ndipo ku ofesi yomva madandaulo ya National Financial Ombud Scheme munthu wobisa amapita wopanda mwendo woimira. Inshuwalansi yogula ndi bodza ndi ndalama zotayira m'nyanja. Kuli bwino kulipira zambiri ukudziwa chimene wagula, kapena kuuzidwa poyera kuti matenda akuti sitikuwatenga, n'kusankha maso ali chipenyere.

Masiku onsewa mayi wa m'nyumbamo adangomvetsera. Atalankhula, sadatchule madola kapena ndege.

"Abambo," adatero, "kodi zaka zingati mwakhala mukupereka kubungwe la maliro?"

Zidali zaka zoposa 30. Mwezi uliwonse, ngakhale m'miyezi ya sitalaka pamene ufa unkachepa m'nyumba, bamboyo sadaphonyepo chopereka kubungwe la anthu akumudzi limene limagula bokosi, kukonza zikalata ndi kulipira galimoto yonyamula mtembo mpaka ku Dedza. Adaona ndi maso ake zimene zimachitika kwa amene sadalowe: thupi kukhala masabata mufiriji abale akuyenda ndi mbale khomo ndi khomo, kapena kuikidwa kumanda achilendo kumene palibe wodzalambula.

"Ndiye munkaitana imfa miyezi yonseyi?" adafunsa mayiyo. "Ulendo wa mtembo wanu mudaulipira kalekale. Uwu ndi ulendo wa inu wamoyo, ndipo mukadwala wotsala nanu ku Maputo ndine, wosadziwa ngakhale moni wa Chipwitikizi."

Bamboyo sadayankhe tsiku limenelo. Koma zimene mkazi wake adanena n'zoona pa anthu ambiri a kwathu okhala ku Joni. Inshuwalansi si chinthu chachilendo kwa iwo. Adaiyamba okha, popanda ofesi, pamene adazindikira kuti mutu umodzi susenza denga ndipo tsoka silinunkha. Ambiri amasonkha pang'onopang'ono kuti m'modzi amene zamugwera asasenze yekha. Kusiyana kwake n'kwakuti kubungwe la maliro amadziwa nkhope ya msungichuma ndi mudzi wake, pamene kukampani amangodziwa pepala. N'chifukwa chake pepalalo liyenera kuwerengedwa monga mmene amafufuzira msungichuma asanamusankhe.

Yankho la funso lakuti kodi n'koyenera kugula silifanana kwa onse. Mnyamata wathanzi, amene walipira ulendo ndi khadi la kubanki lokhala ndi inshuwalansi yake, akhoza kupeza kuti zimene ali nazo kale n'zokwanira, akangotsimikiza kuti zimagwiranso pasitima. Munthu wachikulire, womwa mankhwala tsiku ndi tsiku, wooloka malire, amene banja lake silingapeze ndalama zambiri m'tsiku limodzi, ameneyo asanyamuke wopanda. Ndipo poyang'ana pepala ayambe ndi malire a ndalama za chipatala ndi za kubwezedwa kwawo, chifukwa sutikesi yotayika munthu amaiiwala, koma ngongole ya chipatala imatsala ndi ana.

Patapita masiku atatu bamboyo adapita yekha kukiliniki kukatenga kalata yofotokoza matenda ake ndi mankhwala amene amamwa. Adayankha mafunso onse moona, mtengo udakwera, ndipo adaumirira kuti gawo lowonjezeralo alipira yekha kuchokera papenshoni, osati mwana wake. Koma asanasaine adafunsa funso limene namwinoyo sadaliganizire. Pepala lidati munthu akamwalira paulendo, thupi lake lidzabwezedwa kudziko kumene amakhala. Iye adafuna kudziwa kuti kumeneko n'kuti. Adayankhidwa kuti ndi ku South Africa. Kwa kampaniyo, kwawo kwa bamboyo ndi ku Tembisa.

Lamulungu lotsatira adapita nalo funsolo kumsonkhano wa bungwe la maliro. Adafunsa ngati bungwe lingamunyamule kuchokera ku OR Tambo mpaka ku Dedza atamwalirira m'dziko lina kapena pakati pa nyanja. Mlembi adatsegula malamulo awo, olembedwa pamanja zaka zambiri zapitazo, ndipo adapeza kuti amanena za womwalira mu South Africa ndi womwalira pamsewu wopita kumudzi. Za nyanja mudalibe, popeza amene adawalemba sadalotepo kuti m'modzi wa iwo adzakwera sitima kukapuma. Adakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo asanabalalike adawonjezera mzere umodzi m'bukumo.