Mvula ya ku Cusco inanidyetsa mbira

Nikuuzeni zoona, ku Cusco ninapitila zithunzi. Nchito yanga ni ya ma show na ma launch, kumene ngati sunajambulidwe ndiye kuti sunaliko. So pamene ka workshop ka atolankhani achinyamata kanasila ku Lima, likulu la Peru, ninathyola tundalama tonse tumene ninasunga nakwela ndeke pa Chisanu madzulo. Ulendo wa ola imodzi na hafu chabe. M'chola munali ma outfit atatu, m'mutu munali kale ma caption.

Mvula ndiyo inanilandila. Unali mwezi wa February, ndipo nyengo yao ya mvula iyendela pamodzi na yathu, cha mu November mpaka March. Ukayang'ana pa mapu, Cusco na Chipata zili pafupifupi pa mzele umodzi kum'mwela kwa equator. Kusiyana n'kwakuti Cusco ili pamwamba pa mapili a Andes, mamita 3,400, pomwe Lusaka wathu ali pa 1,300 chabe. Mpweya ni wochepa maningi. Ninakwela masitepe khumi a pa lodge, mtima uli gu gu gu monga nathamangila minibasi pa Kulima Tower. Eni ake vutoli alitchula soroche, ndipo mankhwala amene apatsa mlendo aliyense ni tiyi wa masamba a coca. Kuja ni wololedwa. Musayese kunyamulako m'chola pobwela kuno.

Pa Chiwelu m'mawa ninakwela ku Sacsayhuamán, malinga a ma Inca amene ali pa phili pamwamba pa town. Miyala yake ina ni yolemela kupitilila matani 100, yosemedwa na kulumikizidwa popanda simenti. Anthu amakwela kumeneko kuti ajambule town yonse pansi. Ine ninapeza nkhungu. Ma sneaker anga oyela anasanduka a brown, ndipo outfit yoyamba inathela mkati mwa ka poncho ka pulasitiki kamene ninagula pa mseu. Pa chithunzi nioneka monga thumba la malasha lovinikila.

Njala na mphepo zinanitsitsila ku msika wa San Pedro, umene uli na denga. Mukalowa mumva monga muli mu Soweto, koma ya mbatatesi: zakuda, zofiila, zachikasu, na zina zouma gwa zochedwa chuño, zimene amaumitsa na chisanu cha usiku na dzuwa la masana. Ninakhala pa benchi pakati pa amayi awili ovala zipewa, nadya caldo de gallina, supu ya nkhuku yotentha. Pambuyo pake choclo con queso, chimanga chophika cha maso akulu monga chala cha kumanja chachikulu, na kachidutswa ka cheese ka mchele. Chi Spanish changa chinathela pa "gracias", koma amayi ogulitsa anaonjezako supu osapempha.

Potuluka mvula inabwela ya matalala, so ninathawila mu Cathedral ya pa Plaza de Armas. Mkati salola kujambula, foni inalowa m'thumba. Mwina ndiye chifukwa chake ninaona bwino. Pa chipupa pali chithunzi chachikulu cha Mgonelo wa Ambuye chimene Marcos Zapata anapenta m'zaka za m'ma 1750. Yesu pakati, ophunzila m'mbali, monga mwa nthawi zonse. Koma m'mbale ya pakati pa thebulo muli kanyama kagona chagada, tumiyendo m'mwamba. Guide anauza gulu lake ati ni cuy. Ine sininafunike kuuzidwa. Mwana wa kum'mawa aliyense aidziwa mbira.

Apa lekani niulule. Ambuya anga ku Katete aweta mbira m'khichini kuyambila kale. Nili Grade 9 anabwela kudzatichezela ku Mtendere na mbira ziwili zootcha, zomangidwa bwino mu nyuzi. Tsiku limenelo kunali anzanga a ku sukulu pa nyumba. Mmodzi anasuzumila nakuwa ati, "Iwe, kwanu mudya makoswe?" Za mbewa a Bemba amatiseka tsiku na tsiku, ni chimbuya, timabwezela na za kolwe. Koma ija inanilasa. Ninayankha mokweza, ambuya ali pomwepo pa mphasa: "Ine sinidyako vinthu va kumunzi." Sanakambe kanthu. Kuchokela tsiku limenelo amabwela na nshawa na mbatata chabe. Papita zaka khumi na chimodzi.

Manje nili kutsidya kwa dziko, nanyowa, niyang'ana nyama imene ninakana ili pa thebulo la Ambuye mu tchalitchi chachikulu. Anthu a ku Andes ndiwo anayamba kuweta mbira zaka masauzande zapitazo, ndipo mpaka lelo m'midzi yao amaziweta m'khichini monga achitila ambuya. Ni chakudya cha pa phwando, chopatsa mlendo wolemekezeka. Mbira za ku Katete makolo ake anachokela kumapili komweko.

Pa Sondo masana, mvula ikali kugwa, ninalowa mu restaurant ina na kuitanitsa cuy al horno. Inabwela yathunthu, mutu na mano omwe, yootcha mu uvuni na masamba onunkhila a huacatay, pambali mbatatesi na tsabola wamkulu wa rocoto woikamo nyama mkati. Azungu a pa thebulo lina anali kujambula yao mbali zonse, kuopa kuigwila. Ine ninasamba m'manja. Chikumba chili khwa, nyama yofewa pafupi na fupa. Pakamwa panakumbukila msanga kupambana mutu. Chinasowa ni nsima.

Ninatuma video call kwa amama, kuno kunali kale usiku, ndipo mwamwayi ambuya anali pa nyumba, anabwela ku chipatala cha maso. Ninatembenuza kamela.

"Ambuya, onani vamene nikudya."

Anayandikitsa nkhope pa foni. "Si mbira iyo? Nanga unati sudya?"

"Ninalakwa, ambuya."

"Wagula zingati?"

Ninawauza mtengo mu kwacha, ndalama yogula nkhuku za kumunzi ziwili na chenji. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana iwe, wakwela ndeke kukagula chinthu chimene chili mbwee kuseli kwa mafuwa anga!"

Ma outfit awili anabwelela osavalidwa, ndipo Instagram yanga ya weekend ija ili na chithunzi chimodzi chabe, mbale ya mafupa. Pa Isitala nili pa basi ya ku Katete. Ambuya ati asankha kale ziwili zonona, koma kusosola ni kwanga.