Mitengo ya pakhoma la agogo

Mvula ikatha, agogo amatsutsuta nyumba yawo kwathu ku Domwe, n'kujambula phiri pakhoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Amadzazamo misuku ndi mitondo, chonsecho pafupi ndi mudzi wathu mitengoyo inatha kale ndi ootcha makala. Ndinkaganiza kuti maso awo afooka. Iwo anati, "Mdzukulu wanga, otola nkhuni ndife, otunga madzi ndife. Kubwalo satifunsa, koma khomali aliyense wodutsa amaliona."

Kutsidya kwa malire, ku Chongoni ku Dedza, amayi ankajambula m'mapanga zophunzitsira anamwali, ndipo mu 2006 UNESCO inavomereza malowo kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Agogo nawonso akuphunzitsa. Chaka chino ndabzala misuku isanu. Sanandiyamikire. Angoti ndiitchingire mbuzi.