Chipangizo Chilichonse Ndi Adiresi Yake

Ntchito yanga ndi yolumikiza makompyuta m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu. Anthu akandiona pamakwerero, waya ali paphewa, amati ndine wokoka mawaya. Koma kukoka waya mnyamata wophunzira ntchito amakudziwa msanga. Chimene chimafuna mutu wozizira ndi maadiresi, chifukwa foni, kompyuta, printa ngakhale kamera, chilichonse chimafunika nambala yakeyake kuti uthenga udziwe kopita ndi kobwerera.

Nambala imeneyi timaitchula IP address. Ya mtundu wakale, IPv4, imakhala ndi zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi timadontho, chigawo chilichonse kuyambira 0 kulekezera 255, monga 192.168.1.20. Malamulo ake anasindikizidwa mu 1981, mkonzi wake ali Jon Postel, ndipo pa 1 January 1983 netiweki ya ARPANET ku America inasamukira ku TCP/IP, njira yomwe anayambitsa Vint Cerf ndi Bob Kahn. Mbali yoyamba ya adiresi imasonyeza netiweki, yotsalayo imasonyeza chipangizo, ndipo malire ake amaikidwa ndi subnet mask. Ndikaika 255.255.255.0 ndimadziwa kuti ndili ndi malo a zipangizo 254.

N'chifukwa chake ndikafika pamalo atsopano ndimayamba ndi kope ndi cholembera. Router, yomwe imalumikiza netiweki ya pamalopo ndi intaneti, ndimaipatsa nambala 1. Maprinta ndi makamera ndimawapatsa manambala osasintha, poti printa ikasintha adiresi usiku, m'mawa ofesi yonse imasowa posindikizira. Mafoni ndi malaputopu, omwe amangolowa n'kutuluka, ndimawasiya m'manja mwa DHCP, yomwe imabwereketsa adiresi kwa kanthawi n'kuilandanso. Zipangizo ziwiri zikapatsidwa adiresi imodzi zimalimbana, china chikalumikizika chinzake chimaduka, ndipo mwini ofesi amadzudzula kampani ya intaneti pomwe vuto lili m'nyumba momwemo. Ndikaona kompyuta ili ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, ndimadziwiratu kuti yapempha adiresi koma palibe waiyankha, ndiye yadzipatsa yokha.

Uthenga suyenda wathunthu. Umadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo kalikonse kamanyamula adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira ngati kalata ya mu envulopu. Router siidziwa ulendo wonse, imangodziwa kuti paketi yopita kwakuti iperekedwe kwa router yakuti. Paketi imanyamulanso nambala ya TTL, yomwe imachepa ndi 1 pa router iliyonse, ndipo ikafika 0 paketiyo imatayidwa kuti isamangozungulira. Traceroute imagwiritsa ntchito zomwezi pondionetsa paliponse pamene paketi yadutsa. Kasitomala akati intaneti yafa, ndimayamba ndi ping, kauthenga koyesera ngati chipangizo chiyankha, kupita ku router, kenako ku 8.8.8.8, adiresi ya Google. Ikayankha koma masamba osatseguka, ndiye kuti msewu uli bwino, yadwala ndi DNS, yomwe imasandutsa mayina a mawebusayiti kukhala manambala.

Vuto lalikulu pa ntchito yathu ndi kuchepa kwa maadiresi. IPv4 ili ndi maadiresi pafupifupi mabiliyoni 4.3, ndipo mu February 2011 bungwe la IANA linagawa omaliza omwe linali nawo kwa mabungwe asanu a zigawo za dziko lapansi. Lathu kuno ku Africa ndi AFRINIC, lomwe likulu lake lili ku Mauritius. Tikukhalira njira ya NAT: mkati mwa nyumba zipangizo zimagwiritsa ntchito maadiresi a m'nyumba, monga oyamba ndi 10 kapena 192.168, koma zikamatuluka zonse zimaoneka ndi adiresi imodzi. Makampani ambiri a mafoni amawonjezera pamenepo, makasitomala ochuluka n'kumagawana adiresi imodzi. Zotsatira zake ndimaziona mwini shopu akafuna kumaona makamera ake ali kunyumba. Kamera imatha kutumiza uthenga kunja, koma wakunja sangaipeze mwachindunji, choncho timadalira seva ya kampani yopanga kamerayo, kapena kulipira adiresi yakeyake. Mankhwala enieni alipo, ndiwo IPv6, ya mabiti 128 m'malo mwa 32, yokhala ndi maadiresi okwanira chipangizo chilichonse. Makampani akuluakulu anaiyatsa kotheratu pa 6 June 2012, ndipo zimandipweteka kupeza malo atsopano akumangidwa lero popanda kuiganizira n'komwe.

Kunja kwa ofesi, manetiweki akuluakulu amauzana njira kudzera pa BGP. Aliyense amalengeza maadiresi omwe ali nawo, anzake n'kukhulupirira. Pa 24 February 2008 Pakistan Telecom, pofuna kutseka YouTube m'dziko mwawo, inalengeza maadiresi a YouTube ngati ake. Chilengezocho chinadutsa malire, mapaketi a anthu a m'maiko ambiri anakhamukira ku Pakistan, ndipo YouTube inasowa kwa maola pafupifupi awiri. Nkhani imeneyi ndimaifotokozera aliyense amene ndikumuphunzitsa ntchito, kuti adziwe kulemera kwa mzere umodzi wolembedwa mu router.

Njira zimenezi zimatikhudza kwambiri ife a ku Malawi. Dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, ndiye mapaketi opita kutali amayamba adutsa m'maiko oyandikana nafe, monga Tanzania ndi Mozambique, kuti akapeze mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Ulendo umenewu umadya ndalama ndi nthawi. Malawi Internet Exchange ya ku Blantyre ilipo kuti makampani a m'dziko muno azipatsirana mapaketi konkuno, uthenga wa ku Zomba wopita ku Mzuzu usakayambe wazungulira ku London.

Ndikamaliza ntchito ndimasiyira mwini malo pepala losonyeza adiresi ya chipangizo chilichonse, lina ndimamata mkati mwa kabati ya router. Ena amabisa zimenezi kuti aziitanidwa okha. Ine ndimakana, chifukwa netiweki ndi ya mwini wake, ndipo amene adzabwere pambuyo panga ayenera kuipeza yomveka. Kwa amene mukuikitsa intaneti pamalo panu, musalipire musanalandire pepala limenelo, ndipo mufunse kampani yanu kuti IPv6 idzakufikani liti.