Za Maphunziro Osatchula Ntchito

Pali funso limene makolo amafunsa mwana wawo akabwera ku tchuthi kuchokera ku koleji, ndipo ndi funso loyenera: "Kodi ukatsiriza udzagwira ntchito yanji?" Wophunzira za udokotala savutika poyankha, ngakhalenso wophunzira kumanga milatho, pakuti dzina la maphunziro awo ndilo dzina la ntchito yawo. Koma ife amene tinaphunzira mbiri yakale, zilankhulo, filosofi ndi zolembalemba tidziwa kulemera kwake kwa funsoli, popeza pa pepala lathu sipalembedwa dzina la ntchito ina iliyonse. Bambo amene anagulitsa ng'ombe, ndi mayi amene anakazinga mandasi zaka 4 kuti fizi ipezeke, ayenera kumva yankho lomveka. Chifukwa chake tifuna kulankhula nanu, abale ndi alongo athu amene muli pa maphunziro amenewa tsopano.

Maphunziro awa si a dzulo ayi. Aroma akale anawayesa oyenera mfulu, ndiye munthu wokhoza kuimirira pabwalo ndi kunena mlandu. Pambuyo pake masukulu a ku Ulaya anawagawa 7: atatu a mawu, ndiwo malamulo a chilankhulo, kulingalira kolongosoka ndi luso la kulankhula; ndi anayi a chiwerengero, ndiwo masamu, miyeso, nyimbo ndi za nyenyezi. Makolo athu nawonso anadziwa mtengo wake wa nzeru zotere, pakuti pabwalo la mfumu ankalemekeza nduna yokumbukira malire a minda, yodziwa kufunsa mboni ndi kuyanjanitsa okangana.

M'dziko lathu Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Masiku amenewo otsiriza maphunziro anali owerengeka, ndipo boma latsopano linkawafuna kwambiri. Lero makoleji achuluka, a boma ndi a mipingo omwe, koma mipando ya m'maofesi sinachuluke molingana nawo. Taona anzathu anzeru atakhala pakhomo zaka ziwiri kapena zitatu, akulemba makalata osayankhidwa. Tsono wongodikira kuti digiri imtchulire ntchito adzadikira nthawi yaitali. Ayenera kusankha yekha njira asanatsirize, naonjezepo luso limodzi la manja pa nzeru zakezo.

Zimene mudzatuluka nazo ku koleji ndi zida zitatu: kuwerenga chikalata chachitali ndi kupeza pamene pagona nkhani, kulemba mawu oti wina amve msanga, ndi kuyesa umboni musanaukhulupirire. Taonani tsono kumene zida izi zifunika.

Njira yoyamba ndiyo uphunzitsi. Kuyambira 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana ofuna malo ku sekondale anachuluka ndithu, ndipo afuna owaphunzitsa Chingerezi, Chichewa ndi mbiri. Wofuna njirayi aonjezepo satifiketi ya uphunzitsi, ndipo asaiyese pothawira olephera. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa ku Nkhoma, wopanda digiri, koma buku lake Nthondo linapata mphotho mu 1933, nimasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira, ndipo iye yemweyo anasonkhanitsa kwa akuluakulu nkhani za m'buku la Mbiri ya Achewa. Ngati iye anachita zotere ali ndi choko m'manja, nanga inu?

Njira yachiwiri ndiyo ya nyuzi ndi wailesi. Kale kunali MBC yokha, koma chifikire ndale za zipani zambiri wailesi zachuluka, zina za m'maboma ndi m'midzi. Kumeneko safunsa digiri yokha, amati, "Tionetseni zimene munalemba." Chomwecho yambani kulemba muli pa sukulu, muphunzirenso kujambula mawu ndi kuwakonza pa kompyuta. Koma mudziwe kuti ntchito ya mawu ili ndi mtengo wake. Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 osaweruzidwa mlandu.

Njira yachitatu ndiyo imene ambiri aiwala, ndiyo chilankhulo chimene munayamwa. Malamulo a dziko alembedwa m'Chingerezi, ndipo milandu ya m'khoti ilembedwa m'Chingerezi, pamene anthu ambiri obwera kumeneko alankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena zilankhulo zina. Womasulira akapotoza liwu limodzi, munthu wosalakwa akhoza kugona m'ndende. Momwemonso uthenga wa katemera kapena wa mbewu ukamasuliridwa mopotoka, umaononga koposa kusanena. Mu 1996 yunivesite inatsegula Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo mu 2000 inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ntchito zotere zifuna wodziwa zilankhulo ziwiri kufikira pa mizu yake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: musapeputse chilankhulo cha amayi anu.

Njira yachinayi ndiyo kusunga zakale. Ku Zomba kuli nyumba yosungiramo makalata akale a dziko, ku Chichiri kuli nyumba ya chionetsero cha zakale, ndipo zojambula za pa miyala ya ku Chongoni zinalembedwa mu 2006 pa mndandanda wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse lapansi. Malo otere afuna owasunga ndi ofotokozera alendo. Koma tinene zoona, mipata yake ndi yochepa, ndipo wofuna kulowamo ayambe msanga kudzipereka pa tchuthi kuti amdziwe.

Njira yachisanu ndiyo ya maofesi a boma ndi mabungwe a chitukuko, kumene afuna olemba malipoti, oyendetsa misonkhano ndi ofunsa anthu m'midzi. Pamenepa mpamene ambiri a ife tichita mantha, chifukwa tinathawa masamu. Koma lipoti lopanda chiwerengero silikhutiritsa wopereka ndalama. Phunzirani kuika manambala m'mizere pa kompyuta ndi kulemba bajeti. Ndi luso la miyezi yowerengeka, koma litsegula makomo ambiri.

Ndipo musaganize kuti njira imodzi ndiyo ya moyo wonse. D. D. Phiri anatumikira m'boma, kenaka mu 1976 anatsegula Aggrey Memorial School yophunzitsa anthu mwa makalata, nalemba mabuku ndi nkhani za m'nyuzi kufikira ukalamba wake. Anamwalira mu 2019. Zida zake zinali zomwezo m'ntchito zonsezi.

Malangizo athu ndi awa. Pofika chaka chachitatu mukhale mutasankha njira imodzi kapena ziwiri. Mufunefune munthu wogwira ntchitoyo, mumfunse mmene analowera, zimene achita tsiku ndi tsiku, ndi zimene alandira. Pajatu safunsa anadya phula. Pa tchuthi mugwireko ntchitoyo ngakhale malipiro akhale a sopo yekha, ndipo musunge chilichonse chimene mwalemba kapena kumasulira, kuti mudzakhale ndi choonetsa. Ntchito yoyamba ikakhala yaing'ono, monga kuphunzitsa pa sukulu ya kumudzi kapena kuyenda ndi mafunso khomo ndi khomo, muilandire ndi manja awiri, pakuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kumeneko mudzadziwana ndi anthu amene mawa adzakumbukira dzina lanu pakapezeka mpata.