Mawaya a magetsi onyamula mauthenga: ntchito yake ku Britain ndi ku Malawi

Waya amene amabweretsa magetsi m'nyumba angathenso kunyamula mauthenga, ndipo luso limeneli, limene akatswiri amalitchula mwachidule kuti PLC, likugwira ntchito ku Britain ndiponso ku Malawi, ngakhale kuti maiko awiriwa analipatsa ntchito zosiyana kwambiri. Ku Britain munthu amakumana nalo m'timabokosi tiwiri togula m'sitolo, timene amatilowetsa m'masoketi kuti intaneti ifike kuchipinda cham'mwamba popanda kuboola khoma, pamene ku Malawi lusoli lili mu mita yolipiriratu imene imakhala papolo, ndipo ndi limene limanyamula manambala a mayunitsi kuchokera pa kiyipadi ya pabalaza kukafika pamwambapo. Mmalawi amene wakhalako mbali zonse ziwiri sachedwa kuona chinthu chodandaulitsa, chakuti kumene lusoli limangothandizira kuti moyo ufeweko, ogula amalongosoleredwa bwino lomwe, koma kumene nyali za banja zimadalira lusolo, anthu ambiri sanauzidwepo n'komwe kuti lilipo.

Maiko awiriwa amafanana poyambira, pakuti onse amagwiritsa ntchito magetsi a mavoti 230, pulagi yawo ya mano atatu ndi imodzimodzi, ndipo magetsiwo amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Kuchuluka kwa maulendo otere pa sekondi, kumene pano kuzitchedwa liwiro la funde, kumayezedwa ndi muyeso wa hertz, kotero kuti magetsi a m'nyumba ndi a 50 Hz, kHz imodzi ndi maulendo 1,000, ndipo MHz imodzi ndi maulendo 1,000,000. Modemu ndi chipangizo chimene chimatenga mauthenga a kompyuta, amene ndi mndandanda wa 0 ndi 1 wotchedwa mabiti, n'kuwasandutsa mafunde oti ayende pa waya, ndipo inzake ya kutsogolo imawabweza kuti akhalenso mabiti. Modemu ya pa mawaya a magetsi imasanjika mafunde ake, amene ndi ofooka koma othamanga kwambiri, pamwamba pa funde lalikulu la 50 Hz lija, monga momwe likhweru limamvekera pakati pa kulindima kwa chigayo, osati chifukwa choti laposa chigayocho mphamvu, koma chifukwa liwu lake ndi lakuthwa. Pakati pa modemu ndi waya pamakhala kapasita ndi kathiransifoma kakang'ono, zimene zimatchinga mphamvu ya mavoti 230 kuti isaotche zam'kati, n'kumangolola mafunde othamangawo kudutsa.

Pavuta ndi poti mawaya a magetsi sanakonzedwere ntchito imeneyi. Chingwe cha intaneti chimachoka pamalo amodzi kukathera pamalo amodzi ndipo timawaya take timapotana mwadongosolo kuti tisatole zosokoneza, koma waya wa m'nyumba amachita nthambi paliponse, ndipo funde likafika kumapeto kwa nthambi, monga pa soketi yopanda kanthu, limabwerera n'kukagundana ndi anzake amene akubwera m'mbuyo, motero mafunde a liwiro lina amafufutika pomwe a liwiro lina akudutsa bwinobwino. Palinso phokoso, ndiye kuti timafunde tosafunika timene zipangizo zimatayira pa waya, kaya ndi chaja ya foni, babu la LED, filiji ikamadzuka, kapena makina owotcherera zitsulo a m'dera lomwelo. Phokosoli silikhala chimodzimodzi, chifukwa limasintha munthu akangoyatsa kanthu, komanso limakwera ndi kutsika motsatira funde la 50 Hz lomwe lija.

Njira zoyambirira zinali zochedwa. Makampani a magetsi anayamba kutumiza mauthenga pa mawaya a mphamvu yaikulu m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1975 kampani ya Pico Electronics ya ku Glenrothes, ku Scotland, inakonza njira yotchedwa X10, imene imaponya kafunde ka 120 kHz pa kamphindi kamene funde la magetsi likudutsa pa ziro, koma zimenezi zinkangokwanira ntchito zing'onozing'ono monga kuyatsa ndi kuzimitsa nyali. Njira ina, ya FSK, imagwiritsa ntchito mafunde awiri osiyana liwiro, lina kuimira 0 ndipo lina kuimira 1. Chimene chinasinthiratu zinthu ndi njira ya OFDM, imene imagawa uthenga m'tizigawo tambirimbiri n'kutumiza kalikonse pa funde lakelake, tonse nthawi imodzi. Mu HomePlug AV, dongosolo limene linatuluka mu 2005 kutsatira HomePlug 1.0 ya mu 2001, muli mafunde otere 1,155 pakati pa 1.8 ndi 30 MHz, ndipo mwa amenewa 917 ndiwo amagwira ntchito kawirikawiri. Mamodemu awiri asanayambe kutumizirana zenizeni amayamba ayesa waya, kenako amagwirizana kuti funde loyera linyamule mabiti mpaka 10 pa ulendo umodzi, funde laphokoso linyamule biti imodzi yokha, ndipo loipiratu lisiyidwe, ndipo amabwereza kuyesaku pafupipafupi popeza waya wa m'mamawa sakhala wofanana ndi wa madzulo. Amaonjezeranso mabiti okonzera zolakwika, ndipo kachigawo kakawonongekeratu kamatumizidwanso. Nzeru yake ndi yosalimbana ndi phokoso koma kulizemba, ndipo ndi imene inathandiza kuti liwiro lolembedwa la mauthenga likwere kuchoka pa mamegabiti 14 pa sekondi kufika pa 200. Mu 2010 bungwe la IEEE linakhazikitsa muyezo wotchedwa IEEE 1901, ndipo HomePlug AV2 ya mu 2012 inafika mpaka 86 MHz n'kuyambanso kugwiritsa ntchito waya wachitatu wopita m'nthaka, amene amisiri amamutcha ethi.

Amalawi ambiri okhala ku Manchester, Leeds kapena Nottingham amachita lendi m'nyumba zakale zanjerwa zosanjikizana, mmene rauta imakhala pansi pafupi ndi khomo lolowera, pomwe chingwe cha kampani chinalowera, ndipo Wi-Fi imafooka isanafike kuchipinda chomaliza. Popeza mwininyumba salola kuboola makoma, timabokosi tiwiri tija ndito timapulumutsa: kamodzi kamalumikizidwa ku rauta, kenako kamalowa m'soketi, kanzake kamakalowa m'soketi ya kuchipinda, ndipo munthu akadina batani pa tonse tiwiri pasanathe mphindi zingapo timagawana kiyi yachinsinsi ya AES ya mabiti 128, kuti woyandikana naye nyumba asawerenge zimene zikudutsa. Kapepala kam'bokosi kamanena momveka kuti kabokosiko kalowe m'soketi ya pakhoma penipeni, osati pa ekisitenshoni yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa zotetezera zake zimameza mafunde othamanga ngati kuti ndi phokoso. Mamegabiti 1,000 kapena 2,000 pa sekondi olembedwa pabokosi safikika m'nyumba yeniyeni, koma chimene chimatsalapo chimakwanira kuonera kanema ndi kuimba foni ya vidiyo kumudzi. Kuipa kwake n'kwakuti mawaya a m'khoma alibe chokuta chotchinga mafunde, choncho amawataya mumlengalenga ngati eriyo, ndipo bungwe la Radio Society of Great Britain lakhala likudandaula ku Ofcom, imene imayang'anira zofalitsa mauthenga m'dzikomo, kuti zipangizozi zimasokoneza mawailesi a shortwave. Kusokoneza kotereku n'kumene kumachititsa kuti mafunde ena mwa 1,155 aja azisiyidwa dala.

Chodabwitsa n'chakuti mamita amakono a ku Britain satumiza mauthenga awo ku kampani kudzera pa mawaya a magetsi, koma pa netiweki ya mafoni ndi mafunde a wailesi. Maiko ena a ku Ulaya ndiwo anasankha waya: ku Italy kampani ya Enel inayamba mu 2001 n'kuika mamita oposa 30 miliyoni, ku France mamita a Linky anayamba kuikidwa mu 2015 ndipo alipo oposa 35 miliyoni, ndipo ku Spain kampani ya Iberdrola inatsogolera dongosolo la PRIME. Mamita amenewa sathamangira ku ma MHz, amayenda pansi, pakati pa 3 ndi 95 kHz, gawo limene bungwe la CENELEC linapatulira makampani a magetsi, ndipo dongosolo la G3-PLC limagwiritsa ntchito mafunde 36 okha m'gawo limeneli. Mafunde ochedwerapowa amanyamula zochepa koma amafika patali, ndipo popeza thiransifoma imawafooketsa kwambiri, pamenepo pamaikidwa chipangizo chosonkhanitsa mauthenga a mamita onse a m'deralo.

Mtundu wachiwiriwu, wa mafunde ochedwerapo, ndi umene uli m'makomo a ku Ndirande, Kawale, Chibavi ndi Area 25. Mita yogawidwa pawiri imakhala ndi gawo loyeza ndi kudula magetsi, limene limatsekeredwa m'bokosi papolo kapena panja kuti anthu asaliseweretse, ndi kiyipadi imene imakhala m'nyumba, ndipo pa mamita ambiri a mtundu umenewu palibe chingwe chapadera pakati pa ziwirizi, chifukwa chilichonse chili ndi kamodemu kakang'ono kolankhulira pa waya wa magetsi yemweyo. Amalawi a ku Johannesburg amaidziwa bwino mita yotere, ndipo dongosolo la manambala 20 amene munthu amalandira akagula mayunitsi pa Airtel Money kapena pa Mpamba, lotchedwa STS, linayambika ku South Africa komweko ndi kampani ya Eskom mu 1993. Manambala 20 amenewa amaimira mabiti 66 okha, kanthu kochepa zedi poyerekeza ndi kanema wa ku Leeds uja, komabe mabiti amenewa akalephera kukwera papolo banja limagona mumdima ndalama italipidwa kale.

Zimene zimachitika mayunitsi akatha zimaonetsa bwino kufunika komvetsa lusoli. Mita imadula magetsi, nyumba imachita mdima, ndipo kiyipadi imatsala ikuyendera mabatire ake ang'onoang'ono, amene mwina sanasinthidwepo chiikireni mita. Mayi wa pakhomopo amayatsa tochi ya foni, amalemba manambalawo mosamala, koma pagalasi la kiyipadi pamangotuluka chizindikiro choti kulumikizana kwalephereka. Pamenepo ena amaganiza kuti wogulitsa mayunitsi wawabera, pomwe manambalawo ali bwinobwino ndipo sanapite kulikonse. Chofunika ndi chakuti mabatire akhale amoyo, pulagi ya kiyipadi ilowe m'soketi ya pakhoma ndipo soketiyo iyatsidwe ngakhale mulibe magetsi, switchi yaikulu ya m'nyumba isazimitsidwe popeza ndi imene yagwira njira yopita kupolo, ndipo zipangizo zina zizulidwe kuti zisamwe mafunde ofookawo. Zikakanika, anthu anatulukira okha njira yonyamula kiyipadi kupita nayo kwa aneba amene magetsi awo akuyaka, ndipo imathandizadi ngati nyumba ziwirizo zikudyera pa waya mmodzi wochokera ku thiransifoma. Aneba sayenera kuda nkhawa kapena kuyembekezera mphatso, chifukwa kiyipadi iliyonse inalumikizidwa ndi mita yake ndipo mayunitsi sangasochere n'kulowa kwina. Koma ngati magetsi azima m'dera lonse, mita nayo imakhala yazima, ndipo palibe chochita kupatula kudikira.

Mavuto a magetsi a ku Malawi abweretsanso zotchinga zimene nyumba ya ku Britain sizidziwa. Kuchokera pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndiponso kale lomwe pa nthawi zimene madzi a mu Shire ankachepa, mabanja amene angakwanitse akhala akuika inveta, sola kapena jenereta, pamodzi ndi switchi yosinthira imene imachotsa nyumba pa waya wa ESCOM. Soketi imene ikudyera ku inveta imatha kuyaka bwinobwino koma njira yake yopita ku mita ili yoduka, ndipo kiyipadi yolowetsedwa pamenepo imalankhula yokha. Tizipangizo toteteza filiji ndi wailesi yakanema nato timatha kutchinga mafundewo. M'mapoloti a nyumba za lendi, mmene mawaya anawonjezeredwa pang'onopang'ono ndi amisiri osiyanasiyana, mfundo zopota ndi manja n'kukulunga tepi zimachita dzimbiri, ndipo mfundo yotere, isanafike poyambitsa moto, imayamba yasokoneza mauthenga. Zonsezi zikanatheka kulembedwa pa kakhadi kamodzi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao n'kumaperekedwa tsiku loika mita, ndipo masukulu a ntchito zamanja akanachita bwino kuphunzitsa amisiri kuti nyumba iliyonse yokhala ndi inveta azisiyamo soketi imodzi, pafupi ndi bokosi la maswitchi, yolumikizidwa mwachindunji ku waya wochokera papolo.

Amalawi a kunja amene amafuna kutumiza timabokosi ta HomePlug kumudzi ayenera kuyamba afunsa mmene nyumbayo ilili. Pulagi idzalowa popanda vuto, koma mabanja ambiri amalandira intaneti pa foni kapena pa karauta ka TNM ndi Airtel kamene kangathe kusunthidwa chipinda ndi chipinda, choncho timabokosito tilibe chochita m'nyumba ya zipinda zitatu yosasanja. Timathandiza pa malo ogona alendo, pa ofesi, kapena pa sukulu imene midadada yake imadyera pa bokosi limodzi la maswitchi, malinga ngati masoketi onse awiri ali pa waya mmodzi mwa atatu amene malo aakulu amalandira, palibe inveta pakati pawo, ndipo, kuti timabokosi ta AV2 tithamange mokwanira, waya wa ethi analumikizidwadi m'masoketi onse, chinthu chimene mmisiri angayeze ndi mita yake ya m'manja timabokosito tisanagulidwe.