Tsiku Limene Tinabwerera Patsinde pa Chikala

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Balaka, mapazi a munthu amayamba kuyabwa. Fumbi latha, msipu waphuka, ndipo mapiri a ku Machinga, amene miyezi yonse ya chilimwe anali obisika mu utsi wa lupsa, amaoneka pafupi ngati ungawakhudze ndi dzanja. Ndi m'masiku otere, kumayambiriro a Disembala, pamene tinanyamuka ndi anyamata athu asanu kuti tikakwere phiri la Chikala.

Ulendo wa ku Liwonde ndi wa makilomita pafupifupi 30. Titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu Barrage, tinaona mndandanda wa mapiri utatambalala kutsogolo kwathu: Chinduzi, Mongolowe, Chaone, ndi Chikala kumapeto, moyang'anana ndi nyanja ya Chilwa. Anyamatawo ankafunitsitsa kukafika pamwamba pa Chikala chifukwa anali atamva kuti ndi pamene panali linga la mfumu Kawinga, imene asilikali a atsamunda anaigonjetsa m'chaka cha 1895.

Tinayamba taima pa zipilala za Malape. Awa ndi malo amene madzi a mvula akhala akusema dothi kwa zaka zosawerengeka, mpaka latsala chilili ngati nsanamira za nyumba yopanda denga. Tinazizwa nazo, tinajambulitsa, koma sitinaganize n'komwe kuti madzi amene anasema zimenezi amachokera kuphiri lomwe tinkapitalo.

Patsinde pa phiri tinapeza agogo ena akuunda mizere. Titapatsana moni, anatiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Kodi a Mwalimu, anawa mukupita nawo kuti?"

"Pamwamba, agogo. Tikaone linga, tibwerera dzuwa lisanalowe."

Agogowo anatsamira khasu naloza kamtsinje kamene kanali pambali pa munda. "Kuno yagwa mvula lero? Nanga bwanji madziwa afiira? Taonaninso mtambo uwo wakhala pansonga. Kumtunda ikugwa. Njira yanuyo imadutsa makwawa atatu, ndipo mitengo ya kumeneko inatha ndi makala. Lero ayi, bambo anga. Phiri silisamuka."

Kunena zoona, mawuwo anatiwawa. Ndalama za minibasi tinali titalipira kale, kamba tinali naye, dzuwa linali likuwala, ndipo anyamata anayamba kung'ung'udza. Koma tinakumbukira kuti ana amenewa tinachita kuwapempha kwa makolo awo, ndipo mayi aliyense ankayembekeza kuti madzulo awerenga mbale zokwana. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasula kamba wathu.

Pasanathe maola awiri tinamva mkokomo ngati wa sitima ya ku Nayuchi. Khwawa loyamba, limene m'mawa linali mchenga wokhawokha, linadzaza ndi madzi amatope, likugubuduza miyala ndi zitsa zakupsa. Pamene tinakhalapo sipanagwe ngakhale dontho limodzi. Palibe mnyamata amene anang'ung'udzanso.

Owerenga athu, vuto limeneli si la ku Machinga kokha. Kumaiko ozizira kuli masewera otchedwa ski, amene munthu amamanga timatabwa tiwiri tatitali kumapazi n'kumatsetsereka paphiri lokutidwa ndi chipale chofewa. Amasewera ku Ulaya ndi ku America, komanso ku Oukaïmeden ku Morocco, ku Gulmarg ku Kashmir, ndi ku Tochal kumtunda kwa mzinda wa Tehran. Anzathuwo amadikira chipale choyamba monga momwe ife timadikirira mvula yoyamba, ndipo nawonso ali ndi napolo wawo: chipale chimagumuka paphiri n'kukwirira aliyense amene chamupeza.

Chimene chimachitika ndi ichi. Chipale choyamba chimagwa chochepa. Kukazizira kwambiri usiku kopanda mitambo, chimasanduka timibulu tosagwirana ngati shuga. Kenaka kumagwa china chambiri, mphepo n'kuchiumba kukhala chibenthu cholimba pamwamba pa shuga uja. Ukachiona ndi maso ndi chosalala, choyera, chokongola. Koma munthu mmodzi akapondapo, chibenthu chonse chimang'ambika n'kutsetsereka ngati mphasa yoyalidwa pa mawere. Ambiri amene amafa motere, chipalecho chimakhala kuti achigumula okha kapena mnzawo wa paulendo. Wokwiririka akafukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira kawirikawiri amapulumuka. Zikapitirira apo, mpweya umamuthera.

Kumeneko malo otsetserekapo ali mitundu iwiri. Pali malo osamalidwa, amene ali ndi alonda: m'mamawa amaphulitsa mabomba ang'onoang'ono kuti chipale chofooka chigwe anthu asanafike, ndipo mbali zoopsa amazitchinga ndi zingwe. Ndiye pali kuthengo, kuseri kwa chingwe, kumene kulibe mlonda. Wopita kumeneko amanyamula fosholo, ndodo yofufuzira, ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro kuti anzake adziwe pamene wakwiririka. Zonsezi siziletsa phiri kugumuka. Zimangothandiza kupeza munthu msanga.

Kuyambira 1993 maiko a ku Ulaya anagwirizana muyeso umodzi wa ngozi, kuyambira 1 mpaka 5, ndipo amaulengeza tsiku ndi tsiku nyengo yozizira. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri safa pa 5, pamene aliyense amaopa n'kukhala m'nyumba. Amafa pa 3, tsiku looneka labwino ndithu, loti munthu n'kudziuza kuti sizingachitike. Mu Disembala 2020, nyengo itangoyamba kumene, anthu 12 okwera mapiri anafa ndi chipale chogumuka ndi mphepo yamkuntho m'mapiri a Alborz pamwamba pa Tehran. Ndipo chikachuluka kwambiri, ngakhale mudzi supulumuka: mu Febuluwale 1999 chinatsikira m'mudzi wa alendo wa Galtür ku Austria n'kupha anthu 31.

Ife chipale tilibe, koma napolo timamudziwa. Makolo ankati ndi chinjoka chimene chimasamuka kuphiri kupita kunyanja. Chimene chimachitika n'chakuti dothi lochepa limene lakhala pamwamba pa thanthwe likamwa madzi mpaka kukhuta, limalemera, pansi pake pamaterera, ndipo limatsika pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946. Zinachitikanso ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe ku Blantyre pamodzi ndi mapiri a ku Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 600 anafa m'dziko muno, ndipo mazana ena sanapezeke.

Choncho nyengo ya mvula ili ndi ngozi ziwiri paphiri. Kumayambiriro, nthaka yopserera ndi yopanda udzu sigwira madzi, ndiye makwawa ouma amadzaza mwadzidzidzi monga tinaonera ife. Mvula ikakhazikika kwa masiku angapo osakata, ndi phiri lenilenilo limene limatha kusuntha. Zizindikiro zake zilipo: madzi a mumtsinje kufiira kapena kuphwa mosayembekezeka, ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo kupendekeka, kasupe kutumphuka pamene panalibe, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Mukaona zimenezi musathawire kumunsi motsata khwawa. Patukirani kumbali, pamalo okwera. Ndipo a zanyengo akachenjeza pa wailesi, tisamati akungotiopseza. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tikulemba izi poganizira mabanja amene ana awo amakwera phiri kukatola nkhuni, bowa ndi masuku, ndi amene ali ndi abale pamwamba pa Chaone oti akawachezere patchuthi. Mwana auzidwe kunyumba kuti kubwerera panjira si mantha, ndipo wamkulu amene watsogolera ana a eni asachite manyazi kufunsa eni dera. Safunsa anadya phula.

Ku Chikala tinabwererako mu Juni, kunja kutayera. Agogo aja tinawapeza akutong'ola chimanga pakhonde, ndipo anatipatsa mdzukulu wawo kuti atitsogolere. Pakhwawa loyamba lija panali mwala waukulu ngati nkhokwe, umene mu Disembala panalibe. Anyamata anauzungulira mwakachetechete, kenaka tinapitiriza ulendo wathu mpaka pamwamba, pamene tinaona Chilwa yense atayala kum'mawa.