Chimfine, ndevu ndi dzino: pakhomo la chipinda chochepa mpweya

Kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Oklahoma City, pambali pa bwalo la ndege la Will Rogers, kuli malo aakulu a boma otchedwa Mike Monroney Aeronautical Center. Dera lake ndi lathyathyathya, mphepo siipuma, ndipo nyumba zake n'za ntchito basi, zosakopa maso. Imodzi mwa nyumbazo ndi ya CAMI, nthambi ya zaumoyo ya bungwe la FAA loyang'anira za ndege ku America. Kumeneko n'kumene oyendetsa ndege wamba amapita kukalawa dala kuchepa kwa okosijeni ali pansi, kuti tsiku limene zidzawachitikire m'mwamba adzazizindikire msanga. Maphunzirowo salipiritsa.

Ine ndinapita ngati woonerera, ndipo lamulo loyamba lenileni linandisiya panja pa chipinda chochepa mpweya chomwe amachitiramo maphunzirowo. Wolowa m'menemo ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, komanso akhale ndi chikalata cha dokotala wa za ndege chomwe sichinathe ntchito. Chikalatacho sichitengedwa pamenepo. Munthu amabwera nacho kuchokera kwa dokotala wovomerezedwa ndi FAA, amene anamuyeza maso, makutu, kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo. Ofuna chikalata cha gulu loyamba, cha oyendetsa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, amajambulidwanso kagundidwe ka mtima akafika zaka 35, kenaka chaka ndi chaka akakwana zaka 40.

Pepala lotere ndi lolemera ndithu, koma limakalamba. Woyendetsa kandege kake, wosakwana zaka 40, akhoza kuyenda ndi chikalata cha gulu lachitatu miyezi 60 osaonananso ndi dokotala. Chimanena za munthu wa chaka chatha kapena cha dzana. Chimfine chimene chamugwira usiku wathawu sichilembedwapo. N'chifukwa chake m'mawa umenewo, anthu atakhala pamipando m'kalasi, makapu a khofi ali m'manja, mlangizi anayamba ndi mafunso amene poyamba ndinawaona ngati achibwana. Alipo amene mphuno yatsekeka? Alipo wapereka magazi dzulo? Wamwa mowa m'maola 8 apitawa? Wasambira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya m'maola 24 apitawa? Ankafunsa uku akuyang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo maso ake ankaima pachibwano cha mwamuna aliyense.

Za ndevu sizivuta kumva. Masiki ya okosijeni imafunika kumamatira khungu, ndipo tsitsi likakhala pakati mpweya umatulukira m'mbali. Mnyamata wina anali atameta m'mawa womwewo, chibwano chake chinali chotuwa kusiyana ndi nkhope yonse, ndipo anzake sanamusiye osamuseka. Za magazi n'zomveka nazonso: okosijeni amayenda m'thupi atanyamulidwa ndi magazi, ndiye wapereka mamililita 500 ayenera kudikira maola 24, wapereka oposa pamenepo maola 72. Mowa wokha vuto lake ndi lina. Okosijeni amafika ndithu m'thupi, koma ziwalo zimalephera kumugwiritsa ntchito bwino.

Mafunso otsalawo sakhudza okosijeni n'komwe, ndipo apa m'pamene ndinatchera khutu kwambiri. Chipindacho sichichotsa okosijeni yekha. Mapampu amakoka mpweya wonse mpaka m'kati mufanane ndi m'mwamba pamtunda wa mapazi 25,000, omwe ndi mamita pafupifupi 7,600, kuwirikiza kawiri ndi theka msinkhu wa nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje. Okosijeni amakhalabe magawo 21 pa magawo 100 alionse, monga pansi pano, koma mpweyawo umakhala wopepuka, wopanda mphamvu yoloŵa m'magazi. Ndipo kunja kukapepuka chotero, mpweya uliwonse wotsekeredwa m'thupi umafufuma. Pamapazi 18,000 umawirikiza kawiri, pa 25,000 pafupifupi katatu.

Thupi la munthu lili ndi malo angapo osunga mpweya. Muli m'mimba ndi m'matumbo, n'chifukwa chake amalangiza kupewa nyemba, kabichi ndi zakumwa za gasi, komanso amanena mosabisa kuti wamva kupanikizika asachite manyazi, angoutulutsa. Muli pansi pa dzino lobooka kapena lomatidwa mosalongosoka, momwe kampweya kochepa kakhoza kuliza munthu wamkulu. Muli timphako ta m'mafupa a pamphumi ndi m'masaya. Koma chachikulu ndi khutu. Kuseri kwa nembanemba ya m'khutu kuli kachipinda kolumikizana ndi kummero kudzera m'kanjira kopyapyala. Pokwera, mpweya umatulukamo wokha, khutu n'kulira thu. Potsika uyenera kubwereramo, koma kanjira kaja kakatupa ndi chimfine sikalola. Nembanemba imakokedwera m'kati, ululu umakula, nthawi zina mpaka kung'ambika.

Bambo wina wa imvi m'mbali mwa mutu, amene pocheza ndinamva kuti anayendetsa galimoto mtunda wautali kuti afike, ankameza malovu pafupipafupi. Funso la chimfine litafunsidwa sanakweze dzanja. Patapita kanthawi anatulutsa kansalu m'thumba, n'kutembenukira kukhoma. Mlangizi sanamuyalutse pagulu. Pa nthawi yopumula anapita naye pambali, n'kumupempha kuti atseke mphuno ndi zala, atseke pakamwa, apemerere pang'onopang'ono, anene ngati makutu onse awiri atseguka. Bambowo anayesa, n'kuyesanso, nkhope itafiira. Kenaka anapukusa mutu, kuloza khutu lakumanzere. Maphunziro a m'kalasi anawamaliza pamodzi ndi anzake, koma chipindacho anachionera pazenera, ataima pafupi ndi ine.

Sindimuweruza. Oyendetsa ndege ali ndi chizolowezi chobisa matenda, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: ntchito yawo yonse yapachikika pa siginecha ya dokotala, ndiye mawu akuti "sindikumva bwino" amawatuluka movutikira. Chofooka cha kuyeza kwa m'mawa umenewu chagona pomwepo. Palibe makina amene angadziwe kuti munthu anasambira pansi pa nyanja dzulo masana. Amangofunsa, n'kukhulupirira yankho.

Komatu funso la kusambiralo ndi limene lili ndi ngozi yaikulu. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitirojeni wochuluka, ndipo wina amasungunukira m'magazi ndi m'mafuta a thupi. Kunja kukapepuka msanga amatuluka ngati tithovu, monga zimachitikira potsegula botolo la Fanta. Tithovuto tikakhala m'bondo kapena m'phewa munthu amamva kuphwanya, tikafika mu ubongo kapena m'fupa la msana nkhani imakula. Wosambira pansi pa madzi amabwera atadzaza kale nayitirojeni woposa muyezo. Ngakhale amene sanasambire, chiopsezo chimayamba kukwera akadutsa mapazi 18,000, choncho asanakwere onse amakhala mphindi 30 akupuma okosijeni yekhayekha kuti nayitirojeni achepe m'thupi. Wochotsa masiki pakati pa nthawiyi waononga zonse.

Chipinda chenichenicho ndi chachitsulo chokhuthala, cha mazenera ang'onoang'ono, mipando itandandalikidwa mbali ziwiri moyang'anana. Aliyense anavala chipewa cholimba ndi masiki, alangizi ena n'kulowa nawo, chitseko n'kutsekedwa. Kuyeza sikunathere pakhomo paja. Anayamba ndi kukwera pang'ono n'kutsikanso, wina aliyense n'kufunsidwa za makutu ndi pamphumi, kuti amene ali ndi vuto atuluke zinthu zisanafike patali. Onse anakweza chala chachikulu. Kudenga anali atamangirira gulovu ya labala yomanga pakamwa. Pamene mapampu ankagwira ntchito gulovuyo inadzuka, zala zake zinaima, n'kufufuma mpaka kulimba. Anthu m'katimo ankaiyang'ana, ena n'kugwira pamimba.

Atafika pa 25,000 anayamba kuvula masiki mosinthana, mbali imodzi ikuvula inayo ikuonerera. Pamtunda umenewo munthu amakhala ndi mphindi zitatu mpaka zisanu zoganiza bwino. Pa 35,000 zimatsala masekondi 30 mpaka 60. Aliyense anali ndi pepala la masamu osavuta ndi kachipangizo kopanira chala koyeza okosijeni m'magazi, kamene tinakazolowera nthawi ya Covid. Mayi wina amene anakhala moyang'anana ndi zenera langa anayamba kulemba mwaukhondo. Nambala ya pachala chake inachoka m'ma 90 n'kutsika mofulumira. Zilembo zinayamba kukula, kupendama, kenaka cholembera chinangozungulira pamalo amodzi. Iye anali akumwetulira. Mlangizi anamuuza kuti avale masiki, anagwedeza mutu kuvomera, koma manja sanasunthe. Anauzidwanso, anavomeranso. Mlangiziyo anangomuveka yekha, ndipo m'masekondi owerengeka maso ake anabwerera. Anayang'ana pepala lija ngati walemba ndi munthu wina.

Cholinga sichoti munthu afike pamenepo ayi. Chofunika n'chakuti adziwe zizindikiro zake zoyamba, kaya ndi kutentha kumaso, dzanzi m'zala, chizungulire, kuona mwachimbuuzi kapena chisangalalo chopanda chifukwa, n'kuvala masiki yekha nzeru zikadalipo. Pa 14 Ogasiti 2005 ndege ya Helios Airways, yochokera ku Larnaca, inakwera m'mwamba mpweya wa m'kati usakupanikizidwa, oyendetsa anakomoka asanazindikire chimene chinkachitika, ndipo inakagwa pafupi ndi Grammatiko ku Greece mafuta atatha. Anthu onse 121 anafa. Pa vuto lofananalo, mu Okutobala 1999 ndege yaing'ono ya Learjet yonyamula katswiri wa gofu Payne Stewart inauluka yokha kuchokera ku Florida mpaka kukagwa ku South Dakota.

Pali kanthu kena kamene kanandikhudza ine monga munthu wakuda. Mabuku amati yang'anani milomo ndi zikhadabo ngati zachita buluu, chizindikiro chimene pakhungu ngati langa sichioneka msanga. Kachipangizo ka pachala nakonso kali ndi vuto lake: kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti kwa odwala akuda, kuposa kwa azungu, kamaonetsa nambala yabwino pamene okosijeni watsika kale. Woyendetsa ndege wa khungu lakuda, ndikuona ine, ali ndi chifukwa chowonjezera chodalira zimene thupi lake likumuuza kusiyana ndi nambala.

Potsika m'pamene ndinamvetsa bwino chifukwa chimene bambo uja anatsalira panja. Kusowa okosijeni, kumene aliyense ankakuopa, kunatha ndi masiki. Koma tsopano chipinda chonse chinali kalikiliki kumeza malovu, kuyasamula, kutsina mphuno, ndipo mmodzi atakweza dzanja anaimitsa kutsikako n'kukweranso pang'ono mpaka khutu lake litatseguka. Ameneyo analibe chimfine chilichonse.

CAMI ili ndi chipangizo chinanso chotchedwa PROTE, chimene amayenda nacho m'mizinda yosiyanasiyana. M'menemo mpweya sapepukitsa, amangochepetsa okosijeni kufika pa magawo pafupifupi 7 pa 100, ndiye khutu ndi tithovu ta nayitirojeni sizikhala nkhani. Ambiri amachikonda chifukwa ngozi zake n'zochepa, ngakhale kuti gulovu yofufuma ija ndi phunziro la makutu munthu sazipezamo.

Chitseko chitatsegulidwa anthu sanangobalalika. Anafunsidwanso mmodzimmodzi za mawondo, mapewa, khungu ndi maso, n'kuuzidwa kuti tithovu tija tikhoza kudzionetsa patapita maola, munthu ali kale kunyumba. Tsiku limenelo asauluke, asachite masewera olemetsa, asamwe mowa, ndipo wamva kuphwanya m'mfundo, dzanzi kapena mutu wachilendo asameze panado n'kugona, aimbe foni n'kunena kuti anali m'chipinda chochepa mpweya. Anawachenjezanso za khutu usiku: okosijeni amene watsalira m'kachipinda kaja thupi limamumwa pang'onopang'ono munthu ali m'tulo, ndipo m'bandakucha ena amadzuka khutu litatsekeka. Mankhwala ake ndi kutsina mphuno n'kupemerera kangapo asanagone.